Chitsulo Chakumanzere cha Maritaca

LOLEMBA

[10:02] Dirceu: [chithunzi] ndi yemweyo aise. Maritaca wathu, galimoto ya mpikisano ija, nambala 31. ali mu shedi ya khofi ku Franca, nkhuku zimaikira mazira pampando wanga

[10:06] Vadico: utoto wobiriwira uja ukadalipo?

[10:07] Dirceu: wasuluka koma ulipo. eni shedi akufuna ayendenso ku bwalo la mpikisano la Interlagos ku São Paulo pa 19, tsiku la magalimoto akale. engine akonza. chikusowa ndi chitsulo chogwira tayala lakutsogolo kumanzere, chinathyoka tsiku la ngozi chija

[10:09] Vadico: chimenecho sungachigule kulikonse. anachijambula okha a Kuroda, injiniya wathu uja

[10:10] Dirceu: nde ndawaika mu group muno, nambala wandipatsa mwana wawo

[10:12] Dirceu: a Kuroda mwadzuka bwnj? ndine Dirceu, driver wanu wakale. winayu ndi Vadico makanika, sanafe, wangogonthako khutu. mapulani a galimoto mukadali nawo?

[16:40] Dirceu: awerenga koma zii

LACHIWIRI

[08:31] Dirceu: a Kuroda mukukumbuka sikelo ya kubutchala ija? bawuti iliyonse mumaiyeza ngati nyama

[08:35] Vadico: kkkk anandichotsetsa ngakhale chomata cha woyera uja Santa Rita pa dashboard, ati magalamu 4

[08:38] Dirceu: koma galimoto inali yopepuka ngati nthenga. mphuno yopyapyala, ma radiator m'mbali, thanki kumsana kwanga. azungu a ku England ku Formula 1 ankabwera kudzasuzumira akunamizira kupempha moto wa fodya

[08:41] Vadico: ku Monaco anatiseka. sitinalowe ndi mpikisano womwe

[08:42] Dirceu: usakumbutse. koma Austria? mvula ija?

[08:47] Vadico: [uthenga wamawu 0:34] Tinamaliza nambala seveni, mbale wanga. Anthu asanu ndi anayi basi, ndi lole yobwereka yonunkha nsomba. Madzulo ake tinaphika nyemba zakuda zimene mayi ako anatibisira m'bokosi la masipanala, a Kuroda anadya mbale zitatu n'kuyimba nyimbo yachijapani. Sindinawamvenso akuyimba.

[08:50] Dirceu: mipikisano 11, tinamaliza 4. kenako January kwathu ku Interlagos, ndili nambala 3, anthu onse ataimirira akukuwa dzina langa. lap 22, ndikuzungulira bwalo ka 22, tayala linangopinda

[08:52] Dirceu: manyuzi anakulakwirani a Kuroda. "galimoto ya pepala". mpaka munasiya za mpikisano nkukajambula ma thirakitala. ine mwendo unatha inde koma sindinakusungireni mangawa ndi tsiku limodzi

[09:15] Vadico: uthengawu wafufutidwa

[09:16] Dirceu: wafufuta chani madala

LACHITATU

[11:03] Dirceu: Vadico?

[14:27] Vadico: [uthenga wamawu 1:52] Ndilankhule, musandidule. A Kuroda, chitsulo chanu chinalibe vuto. Loweruka pa practice Dirceu anagunda m'mphepete mwa msewu pa kona yachitatu. Lamlungu m'mawa ndikupukuta ndinaona mng'alu, waung'ono ngati tsitsi. China chosinthira tinalibe, chomaliza chinathera ku Canada. Ndikanati ndinene, sitikanathamanga, ndipo São Paulo yense anali atadzaza kale pa mabenchi. Bambo anga anabwera pa basi kuchokera ku Bauru, anali asanaionepo galimotoyo. Ndinatseka chitseko cha garaja, ndinawotcherera, ndinapala bwinobwino n'kupaka utoto wakuda. Chinathyokera pomwepo. Ndinaona manyuzi akukunyozani, ndinakhala chete. Dirceu, ndinabwera kuchipatala ndi malalanje kasanu konse, mawu osatuluka. Ndine amene. Basi.

[14:44] Vadico: mwamvera nonse, ndikuona

[17:20] Vadico: nditukwaneni bola

LACHISANU

[07:05] Kuroda: Mwadzuka bwanji nonse. Pepani, ndimalemba pang'onopang'ono.

[07:11] Kuroda: [chithunzi] Pulani ya chitsulocho ndi iyi. Mapepala onse 214 ndinasunga. Mkazi wanga ankafuna kuyatsira moto, ndinakaniza.

[07:19] Kuroda: Vadico, chitseko cha garaja ija chinali ndi mpata pansi. Ndinabwera ndi khofi wako, ndinaona kuwala kwa moto wowotcherera. Ndinadziwa chimene ukuchita chifukwa mng'aluwo ndinauona Loweruka, iwe usanauone. Ndinaima pakhomo mpaka khofi anazizira, kenako ndinabwerera.

[07:24] Kuroda: Ndinawerengera papepala kuti chipirira ma lap onse 40 a mpikisano. Ndinalakwitsa. Ndiye zimene analemba manyuzi sindinazitsutse, zinandiyenera.

[07:26] Vadico: zaka zonsezi mumadziwa?

[07:31] Kuroda: Ndimadziwa. Ndimayesa iwe ukudziwanso kuti ndimadziwa, ndiye chifukwa cha manyazi sindinkayankha makadi ako a Khrisimasi.

[07:33] Vadico: ine ndimayesa mumadana nane

[07:40] Kuroda: Dirceu, mwana wanga, unali ndi zaka 26. Ndinakumanga malamba m'galimoto muja ndi manja angawa ndipo sindinakuuze. Ndilibe chonena choposa pamenepa.

[09:02] Vadico: Dirceu

[12:15] Vadico: foni yosayankhidwa

[18:03] Vadico: foni yosayankhidwa

LOWERUKA

[10:48] Vadico: ndapita ndi pulani kwa mnzanga wosema zitsulo pa makina a lathe ku Mooca. akuti pofika lachinayi apanga ziwiri. ziwiri a Kuroda

[10:55] Kuroda: Auze asachepetse ngakhale milimita. Ndibwera ndidzayeze ndekha.

[11:01] Vadico: nanga woyendetsa?

[11:09] Kuroda: Msiye. Ali ndi ufulu.

LACHIWIRI

[15:36] Dirceu: ndinali kwa mlongo wanga ku Santos, foni ndinaitsekera mu drawer

[15:39] Dirceu: ndayenda ndi ndodo zaka 47. ana anga sanandionepo ndikuthamanga, ngakhale kuthamangitsa mpira pabwalo. ndakhala ndikuuza aliyense kuti inali ngozi chabe, palibe wolakwa

[15:41] Vadico: ndikudziwa aise

[15:41] Dirceu: khala chete kaye

[15:48] Dirceu: [uthenga wamawu 0:41] Ndaganiza masiku anayi. Mukanabwera m'mawa uja n'kundiuza kuti Dirceu, chitsulo n'chowotcherera, ukwera kapena ayi, ndikanakwera. Mukundidziwa, ndikanakwera ndikuseka. Chikundiwawa si mwendo ayi. N'chakuti anthu awiri amene ndinkawakhulupirira kuposa bambo anga sanandifunse.

[15:57] Kuroda: Ndikufunsa tsopano. Chitsulo n'chatsopano, ndidzachiyeza pamaso pako. Matayala ndi akale, mabuleki sindikuwadziwa. Ukwera kapena ayi?

[16:30] Vadico: Dirceu?

[16:52] Dirceu: ma lap atatu, pang'onopang'ono. ndipo mpando muukuze, mimba si ija ya kale

[16:53] Dirceu: Vadico sindinakukhululukire. bwera ndi masipanala ako lachinayi