Chitenje Chanu Chofiira Chija

Amayi anga, kwacha bwanji kumene muliko? Kodi mwendo uja unasiya kuwawa?

Ndine Idesi. Ndikulemba ndili pakhonde, pamkeka wanu uja wong'ambika m'mphepete. Yakwana miyezi inayi chikuikireni m'manda, ndiye ndati ndikuuzeni za kuno. Alamu anga, akazi a achimwene a Yohane, anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu ndithu, ngakhale kulira kwake ndi kwa kuchikazi. Mtsinje wa Bua unasefukira, madzi anagona m'munda wa chinangwa sabata ziwiri, chinangwa chonse nkuwola. Mpunga wokha ndiwo wapirira. Wayamba kucha, koma mpheta zikutimaliza poti wozikuwa uja munali inu. Mbuzi yamawanga ija inafa ndi chitupamimba, anapiye anatha ndi mphamba.

Koma apa ndikungozungulira. Paja munkati, "Idesi akayamba nkhani za mbuzi, dziwani kuti waswa mbale." Ndaswadi, Amayi, ndipo si mbale.

Mukukumbuka kuti chaka chino ndi chomaliza kukoleji, ndipo aliyense ayenera kupanga kanema wake wamfupi. Munkandiseka inu, amvekere, "Anzako akuphunzira unamwino, iwe ukuphunzira kusuzumira anthu." Aphunzitsi athu amati kanema amafera poyambira: mphindi yoyamba ikalephera kumugwira munthu, basi wapita. Ndiye patchuthi pano anatituma kuti aliyense akakonze poyambira pake. Kamera ikhala pati, kuwala kuchokera kuti, mitundu yanji, alowa ndani ndipo atulukira mbali iti.

Ine ndinafuna kanema wa inu. Ndinajambula timabokosi tinayi m'kope. Koyamba, njira yochokera kumpunga m'mamawa nkhungu isanachoke, zonse zotuwa, popanda nyimbo, achule okha. Kachiwiri, kadontho kofiira kutali. Kachitatu, kadontho kaja kasanduka munthu wamkazi, khasu paphewa, akutsimphina, monga munkabwerera mukapita tambala woyamba kukaona madzi m'munda. Kachinayi, wafika pamtengo wa mango, ndipo nkhope isanaoneke chithunzi chida bii. Kamera ndinati ikhale pansi, pakhonde, pamsinkhu wa munthu wokhala amene akudikira. Papepala zinali zokongola, sindinama.

Vuto linali kufiirako. Ndinayenda msika wonse wa Dwangwa, koma zitenje zatsopano zimakuwa m'maso. Ndinkafuna chofiira chotopa, chodyedwa ndi dzuwa ndi sopo, ndipo choterocho padziko pano chilipo chimodzi. Chinali m'sutikesi yanu pansi pa bedi, yomanga ndi chingwe. Amalume ananena pamaliro, ine ndili pomwepo, kuti pasapezeke wokhudza zovala zanu mpaka abale adzasonkhane tikakolola, adzazigawe mwamwambo. Munkakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Koma ine sikuti ndinaiwala kufunsa. Sindinafunse poti yankho ndinkalidziwa.

Wovala anali mng'ono wanu, amayi aang'ono a Felesiya. Kumbuyo ndinu amodzi, ngakhale kaimidwe ka khosi. Anakana kawiri, anati chovala cha malemu sichivalidwa chisanagawidwe. Ine ndi pakamwa panga pa kutauni ndinawanyengerera, ndinati ndi mphindi imodzi yokha, palibe adzadziwe, ndipo ndi ulemu kwa inu. Ndinawatengera kuseri kwa nthochi nkuwaphunzitsa kutsimphina kwanu, kukoka mwendo wamanzere, kuima pang'ono nkusintha khasu phewa. Ndinawabwerezetsa kasanu mpaka anakhoza. Ndikakumbuka zimenezo ndimadzida.

Tsopano za ababa. Chichokereni inu, m'mawa uliwonse amakhala pampando wawo pakhonde ndi kapu ya tiyi, maso kunjira. Ndinkadziwa. Ndikanatha kuwauza, kapena kuwatuma kwa achimwene kukaona khanda. Koma aphunzitsi anatiuzapo kuti munthu ukamuchenjeza amauma ngati mtengo pa kamera, ndipo ine ndinkafuna phewa lawo lionekere pakona pa chithunzi, phewa la munthu wodikiradi. Ndinaimika kamera kumbuyo kwawo. Sanafunse, anazolowera kundiona ndikujambula nkhuku.

Nkhungu inabwera monga ndinafunira. Kadontho kofiira kanatulukira. Ababa anasiya kupemerera tiyi. Pamene kutsimphina kuja kunaoneka, kapu inagwa, iwo nyamu, nkuitana ndi mawu wamba, a tsiku lililonse, "Amake Yohane, mwachedwatu lero." Anatsika opanda nsapato, akuthamanga, munthu amene maondo amamuvuta. Amayi aang'ono atafika pamango anataya khasu, nkugwada m'matope akulira, akuti alamu ndine Felesiya, ndikhululukireni. Ababa anaima. Anayang'ana nkhope, anayang'ana chitenje, kenaka anatembenuka kuyang'ana ine. Ndipo Amayi, kamera ndinali ndisanazimitse. Ndinaona zonse zikubwera, chala chili pabatani, koma sindinadine.

Amayi aang'ono anabwerera ku Kanyenda tsiku lomwelo, chitenje anasiya pachingwe. Foni yanga sayankha. Amalume anabwera ndi njinga, anandikhazika pansi nkunena kuti ndafukula maliro amene anthu anakwirira ndi misozi, ndipo sukulu yandichotsa umunthu. Achimwene a Yohane akandipeza panjira amayang'ana kumbali. Onsewo sindikuwadandaula. Amene akundipweteka ndi ababa, poti sanandikalipire ngakhale liwu limodzi. Bola akanandimenya.

Masiku atatu anangokhala duu, chakudya kungolawa. Tsiku lachinayi anandiitana nkufunsa ngati chinthu chija chinagwira. Ndinali nditachidula kale monga mwa timabokosi tanga, kuthera pamango, nkhope isanaoneke. Ndinawaonetsa pa laputopu. Chitatha anati ndibwezere. Ndinabwezera. Kuyambira tsiku limenelo ndiyo ntchito yathu ya m'mawa. Kumpunga sapita, ukonde uja anayamba kusoka uli pomwe anausiya, makoswe ayamba kuudya. Kuchipatala akuti magazi akuthamanga kwambiri, anawapatsa mapiritsi, koma amamwa pokhapokha ndawaonetsa kanema. Ndipo chithunzi chikada amandifunsa kuti bwanji chimathera pomwepo, bwanji munthuyu safika pakhonde. Ndiwayankhe chiyani? Kuti ndinakonza dala poti zimaoneka bwino?

Pali china choti ndiulule. Tsiku lojambula lija, amalume asanabwere, ndinatumiza zonse kwa aphunzitsi, ndi za ababa zomwe. Anayankha kuti chiyambire kuphunzitsa sanaone poyambira pamphamvu chotere, ndipo ndisadulepo kanthu, makamaka pamene bamboyo akutsika pakhonde. Amayi, ndinasangalala. Kwa kanthawi ndithu mtima unadumpha, ababa ali m'chipinda chinacho osadya. Kusuzumira anthu kuja munkanena mwanthabwala, ndi kumeneku.

Dzulo ndinati ndithetse. Ndinaganiza kuti mwina mutu wawo wasokonezeka, akuyesa kuti ndinu, ndipo ndikawauza zoona adzuka. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo nkufotokoza zonse, kuti ndinamasula chingwe cha sutikesi ndine, kuti uja ndi Felesiya, kuti kutsimphinako ndinamuphunzitsa kuseri kwa nthochi. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anandigwira pamutu monga ankachitira ndili mwana, nkunena kuti, "Ndikudziwa, mwana wanga. Bwezera."

Ndinabwezera, Amayi. Ndikanatani?

Koleji ikutsegulira Lolemba. Ndikanyamula laputopu, ndiwasiya ndi njira yopanda munthu, nditawalawitsa kale. Ndikaisiya, adzafera pampando uja mpunga ukuthera mbalame. Paja munkati madzi akatayika sawoleka, koma mukatero munkatenga chisanza nkukolopa. Ndiye nane ndayamba kukolopa. Ndawalembera aphunzitsi kuti za ababa ndi za chitenje asazionetse kwa munthu, ndipo kanema wanga adzayamba ndi kabokosi koyamba kokha, njira ndi nkhungu ndi achule, osatulukira aliyense. Ayankha kuti ndikutaya golide. Mwina ndilephera, mwina ndibwereza chaka, kaya. Lolemba sindipita. Ndikhala mpaka mpunga ulowe m'nyumba.

Chitenje ndachichapa, ndachipinda, koma m'sutikesi sindinachibwezere ndekha. Ndidikira amalume adzatsegule ndi manja awo, ine nditagwada. Loweruka ndipita ku Kanyenda ndi nkhuku kukapepesa amayi aang'ono, andilandire kapena andibweze. Kanemayo kufufuta ndalephera, poti ndi yekhayo akuwamwetsa mapiritsi. Koma ndikulonjeza, tsiku limene ababa adzatsike pakhonde kupita kukadula mpunga, ndidzamufufuta yense, ndipo chovala chanu sindidzavekanso munthu.

Ndili ndi pempho limodzi, ngati kumeneko amalola. Abwerereni ababa kumaloto. Mudzere njira yomweyo ya kumpunga, koma musaime pamango paja pamene ine ndinakudulirani. Mufike mpaka pakhonde, akuoneni nkhope, muwakalipire monga kale kuti mbalame zikutha mpunga iwo ali khale. Inu amakumverani. Ine ndikangotsegula pakamwa, amati bwezera.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndachita manyazi.

Ndine mwana wanu woswa mbale,
Idesi