Gudumu Limene Silinabwezedwe

LOLEMBA

Emmie 09:12
monire a Saleh. ndine Emmie mwana wa a Kalebe kuno ku Champhira, ndasintha number. memory card ya mafilimu ija driver wa minibus wandipatsa, yewo chomene

Emmie 09:13
bt mwangolemba 1 2 3 4. ndiyambe iti?

Yasini Saleh 09:40
Mwana wanga. Mnzanga wadzuka bwanji?

Emmie 09:43
chimodzimodzi. mbali ya kumanzere sikugwira since stroke ija, mawu akutuluka amodziamodzi. koma "kanema" ndi "Yasini" anatchula bwinobwino. ine kudabwa, munthu woti TV ikayaka amatuluka panja moyo wanga onse

Yasini Saleh 09:52
Yamba 2. Ndi ya ku India, telala wa ana aakazi asanu, onse akukana amuna amene wawapezera. Nyimbo zambiri. Bambo ako ankanena kuti za ku India nzachikazi koma ndinamupeza akupukuta m'maso.

Emmie 09:53
adada?? kkkk

Yasini Saleh 09:58
1 ndi ya woyendetsa sitima wokalamba wokana kupuma ntchito. Imayamba mozizira, upirire. 3 ndi ya karate, wophika mu hotela amamenya anthu ndi chiwaya. 4 uisunge. Ndi ya akauboyi, mayi wamasiye akuteteza chitsime. Imeneyo ndi mfumu ya zonse. Nthawi yathu inkabwera yodulidwa ndi sizasi paliponse pamene mayiyo wavala thalauza, ndiye nkhani inkangodumpha. Kalebe sanaione yathunthu.

Emmie 10:01
nthawi yanu? mmaonera limodzi?

Yasini Saleh 10:20
Kasitomala wabwera. Tidzacheza.

LACHIWIRI

Emmie 11:05
ya telala yatha. anaseka a Saleh, mbali imodzi ya pakamwa koma anaseka. 1st time in 3 wks

Emmie 11:07
bt pali chinthu. itangotha anayamba kuzunguza dzanja labwinolo mmwamba ngati akupukusa makina osokera. akuti "bweza, bweza"

Emmie 11:08
ndaiyambitsanso akukana. akungozunguza

Emmie 13:30
sanasiye. chakudya akana. thukuta lili kamukamu

Emmie 15:14
a Saleh mwawerenga, ndikuona ma tick a blue

LACHITATU

Emmie 07:48
ndapota yankhani. ya karate yathanso chimodzimodzi, ola lathunthu dzanja mmwamba. a clinician akuti BP yakweranso, ikapitirira chonchi stroke yachiwiri sachedwa

Yasini Saleh 08:31
🎤 mawu 2:10
Emmie, kulemba sindingathe, ndingolankhula. Ine ndi bambo ako tinkaonetsa kanema mu holo ya pano pa boma, nthawi ya chipani chimodzi. Iye pa makina, ine pakhomo ndi kukhoma mabulangete m'mawindo, poti tinkaonetsa Loweruka masana. Filimu nthawi imeneyo inali yokulunga pa gudumu. Ikatha umayenera kuibweza ndi dzanja, kupukusa chogwirira mpaka ibwerere poyambira. Ukapanda kutero imatuluka chadodolido, anthu nkumayenda chafutambuyo. Ndiye filimu iliyonse isanayambe pankakhala kagudumu kakang'ono, ka mtsogoleri wa dziko akutsika m'galimoto, holo yonse kuimirira. Mu June 1981, tsiku limene tinali ndi ya akauboyi ija, kagudumuko kanatuluka kosabweza. Mutu pansi, miyendo m'mwamba, munthu wamkulu kubwerera m'galimoto chafutambuyo. Wina kumbuyo anaseka. Anyamata achipani anali mzere woyamba. Kalebe anamutsitsa pa makinapo ndi makofi. Zaka zisanu, mwana wanga. Mlandu sanaweruze nkomwe.

Emmie 08:50
Chiuta wane

Emmie 08:52
timadziwa kuti anamangidwa. amama mpaka kumwalira ankangoti "zandale". nobody ever said ndi filimu

Emmie 08:55
zaka 5 coz anaiwala kupukusa kagudumu? mano akutsogolo aja? mkulu wanga Lyness kumwalira ndi chikuku iwo ali mkati, pamaliro anthu 6 okha coz mudzi onse ukuopa nyumba ya wandende?

Yasini Saleh 09:30
Inali nthawi yoipa.

Emmie 09:31
nde nditani ndi dzanjali

Yasini Saleh 09:44
Usiye kaye mafilimu. Kapena muonetse ya sitima, ndi yofatsa.

LACHINAYI

Emmie 10:16
ndawauza adada kuti a Saleh andifotokozera, zinatha kale, aliyense amaiwala. andigwira mkono mpaka kuwawa

Emmie 10:17
akuti "ndinabweza?"

Emmie 10:17
akundifunsa ine. ine ndinabadwa 88

Emmie 10:25
anti Perpetua abwera kuchokera ku Edingeni. akuti adada atatuluka mndende ankafunsa zomwezo, ali kumunda, ali kudibi ndi ng'ombe. amati ndikukumbuka ndinabweza Lachisanu ndisanatseke holo. kenako amati kapena ayi. mbwenu nkumati mwana wanga ndinamupha ndi ulesi wanga

Emmie 10:26
zaka 40+ munthu akudzifunsa

Emmie 12:02
📞 sanayankhe

Emmie 12:04
📞 sanayankhe

Yasini Saleh 14:37
🎤 mawu 1:52
Anabweza. Emmie, bambo ako anabweza. Sanaiwalepo ngakhale tsiku limodzi, ankabweza nkupukuta chitini cha gudumulo ndi mpango wake. Kiyi wachiwiri wa holo anali ndi ine. Loweruka lija m'mawa ndinalowa ndi Mwanasha, malemu mkazi wanga, nthawi imeneyo ndikumufunsira. Ankandiseka kuti ndine wongong'amba matikiti. Ndinafuna aone kuti makina ndimawadziwa. Ndinatenga kagudumu kakafupi kuposa onse, kamene kaja, ndinamuonetsa pakhoma. Tinamva munthu panja, ndinakaponya m'chitini, kutseka, kuthawa. Ndinati ndibweza masana. Masana pakhomo panali mzere mpaka kumsewu. Atandifunsa achipani ndinati ine makina sindikhudza. Kalebe ali pansi magazi pakamwa anati zoona, Yasini sakhudza. Anandiikira umboni iye. Mwanasha wapita nazo kumanda, sitinauzepo munthu.

Yasini Saleh 14:41
Usamuuze. Ndibwera ndekha ndimuuze ndi pakamwa panga.

Emmie 15:20
chaka chilichonse pa Eid mumatitumizira mpunga ndi nyama. ine nkumati adada ali ndi mnzawo weniweni

Emmie 15:21
mmakhala nawo pakhonde, akufunsani "kodi ndinabweza" inu mmati chani?

Yasini Saleh 15:40
Ndinkati zakale zisiye.

Emmie 15:41
bwerani mawa. minibus yoyamba

Yasini Saleh 15:58
Mawa ndi Lachisanu, ndikatuluka ku mzikiti.

LACHISANU

Emmie 13:45
mwanyamuka?

Emmie 14:50
a Saleh

Yasini Saleh 15:33
Ndinafika pa depoti, ndinabwerera. Loweruka, Mulungu akalola. Lero muonetse 4 ija. Ndi yathunthu, palibe podula. Mayi uja amapambana pamapeto, asangalala.

Emmie 15:35
mukundipatsabe mafilimu??

Emmie 15:36
munthu sanadye since Lachiwiri. dzanja latupa paphewa, tikaligwira akulira. Loweruka lanu mwina simuwapeza

Yasini Saleh 15:49
Ndikuopa nkhope yake mwana wanga. Ndakalamba. Ndikuopa.

Emmie 15:50
voice note yanu ndili nayo

Yasini Saleh 15:50
Ayi

Yasini Saleh 15:51
Chonde Emmie. Asamve pa foni. Ndi chipongwe.

Yasini Saleh 15:52
📞 sanayankhe

Yasini Saleh 15:53
🚫 uthenga wafufutidwa

Emmie 15:54
mwachedwa, ndinaisunga dzulo. ndimadziwa simubwera

Yasini Saleh 16:10
Emmie?

Yasini Saleh 16:32
Zikuyenda bwanji kumeneko

Emmie 17:05
ndawaikira pakhutu. amvetsera mpaka kumapeto. anti Perpetua atuluka panja akulira

Emmie 17:06
anandikodola kuti ndiikenso. kanayi

Yasini Saleh 17:06
Wanena chiyani za ine

Emmie 17:09
za inu palibe

Emmie 17:10
anayang'ana kudenga. kenako anati "ndinabweza." osati kufunsa. kunena

Emmie 17:11
dzanja alitsitsa. lili pa bulangete. amwa phala masipuni atatu

LOWERUKA

Yasini Saleh 06:40
Ndili pa depoti. Ya ku Jenda ikudzaza.

Yasini Saleh 06:58
Ndikwere?

Yasini Saleh 07:25
Mufunse ngati ndingabwere. Akakana ndimva.

Emmie 08:02
ndawafunsa. ndatchula dzina lanu kawiri

Emmie 08:03
aloza laptop. akufuna ya akauboyi

Yasini Saleh 08:03
Ndiye ndibwere?

Yasini Saleh 08:30
Minibus yapita. Ndidikira ina.

Yasini Saleh 10:15
Emmie