Mizere Yayamba Kupindika

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Nanga amayi, mawondo aja akuwalola kuyenda? Ine kuno thupi lili bwino, kudya ndikudya, koma mtima suli m'malo. Chonde muwerenge muli nokha, musawawerengere amayi mokweza monga mumachitira muja. Ndayesa kawiri kukuuzani pafoni, koma ndikangomva mawu awo pambali panu, ndimasintha nkhani.

Mumandiseka kuti ndinapita kutali kukalembedwa ntchito yosewera ndi zidole za ana. Sekani ndithu, koma ogula athu ambiri ndi azibambo andevu zawo, ena aimvi. Tili ndi wojambula mapulani amene amakonza timilatho, timasiteshoni ta sitima ndi tinsanja ta wotchi pogwiritsa ntchito timanjerwa ta pulasitiki tolumikizana tija. Wogula amalandira paketi ya tizidutswa ndi kabuku ka malangizo, n'kukamanga yekha kunyumba kwake. Kakasowa kachidutswa kamodzi ntchito yonse yaima, ndipo bambo wamkulu amalira pafoni ngati mwana wolandidwa bere.

Ntchito yanga ndi kusunga mndandanda wa tizidutswato pa kompyuta. Amati sipuredishiti, tsamba logawidwa timabokosi ndi mizere yoima ndi yogona. Mzere wogona uliwonse ndi kachidutswa kamodzi: nambala yake, mtundu wake, tingati tikufunika m'paketi, dirowa lake ndi liti, tatsala tingati. Ndimatsata mzerewo ndi maso kuchokera kumanzere mpaka kumanja, kenako ndimapita kukhoma la madirowa kukatapa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndagwira ntchitoyi osaphonya, mpaka abwana ankauza alendo kuti ine ndi kompyuta tikasemphana, wolakwa ndi kompyutayo.

Miyezi iwiri yapitayo mizere ija inayamba kupindika. Pakati pa tsamba mzere umatsika pang'ono ngati chingwe choyanikira zovala, n'kukweranso. Ndinauza abwana kuti sikirini yatha, ndipo tsiku lomwelo anandibweretsera yatsopano ili m'katoni mwake. Nditayatsa, mizere inali yopindika chimodzimodzi. Iwo anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa ngati tsopano zili bwino. Ndinavomera, ndinathokozanso.

Pa nthawi yopuma ndinalowa m'bafa la kuntchito mmene muli matailosi oyera. Nditaphimba diso lamanzere ndi chikhatho, matailosi onse anali owongoka bwinobwino. Nditaphimba lamanja anakhota, ndipo pakati panali kachidontho kotuwa ngati wina wadindapo chala chamafuta. Achimwene, ndinangokhala pansi pomwepo, mantha atandigwira.

Mukudziwa chimene ndinakumbukira. Ine ndinali wamng'ono, koma sindiiwala tsiku limene malemu abambo anagumula khoma limene anamanga ndi amalume, ati ndi lokhota. Amalume ankalumbira kuti chingwe anakoka bwino ndipo levulo yoyezera khoma sinama, koma abambo osamva. Tonse tinkati ndi ukali wawo uja. Sipanapite nthawi anasiya zomangamanga, ndipo pamapeto pake ankatizindikira ndi mawu okha.

Ndikanakhala wanzeru ndikanaulula sabata yomweyo. Ndinabisa, ndipo taonani chimene chatuluka. Tinali ndi oda ya mapaketi makumi asanu ndi limodzi a mlatho. Pa mndandanda panali mizere iwiri yogundizana, kanjerwa kamodzimodzi ka timitu tinayi pamwamba pake, koma kena kotuwa kowala, kena kotuwa koderako. Towala tinkafunika makumi asanu ndi anayi, toderato makumi atatu. Pamene mzere umapindika paja, diso langa linatsetserekera mzere wapansi, ndipo manambala ndinawasinthanitsa.

Pali mayi wina amene amayeza paketi iliyonse isanatsekedwe, timangomuti Nasikelo. Chikachepa kanthu, sikelo yake imaulula. Koma apa tizidutswa tinali tofanana kulemera, ndiye sikelo inangoti zii. Mapaketi onse anatuluka. Patatha masiku khumi mafoni anayamba, aliyense akuti wafika pa tsamba la makumi asanu ndi awiri, zipilala za mlatho zathera panjira.

Chimene chikundidya kwambiri n'chakuti abwana sanandikayikire n'komwe. Anati ndi wojambula mapulani uja, popeza iyenso amatsegula mndandandawo akasintha pulani, ndipo anasokonezapo kale kamodzi. Anamukalipira pamaso pa tonse n'kumupatsa kalata ya chenjezo lomaliza. Munthuyo ali ndi ana atatu. Anatembenukira kwa ine kuti ndimuikire umboni, ine ndinangoweramira m'dirowa n'kupitiriza kutapa tizidutswa. Kuchokera tsiku limenelo amandipatsabe moni mwaulemu, ndipo moniyo amandilasa kuposa mwano.

Tsopano ndikugwira ntchito ngati wakuba. Malemba ndakulitsa, ndimanamizira kupweteka kwa mutu. Ndimagoneka rula pa sikirini kuti ndisasochere mzere, ndipo ndikaona kuti palibe akundiyang'ana ndimatsinzina diso lodwalalo. Timitu ta timanjerwa ndimawerenga ndi chala. Madirowa ndayamba kuloweza, lachitatu kuchokera pazenera, lachisanu kuchokera pansi. Koma mtundu sumveka ndi chala, achimwene, ndipo mitundu yotuwa yokha tili nayo inayi.

Dzana Nasikelo ananditsekereza pa masitepe potuluka. Mayi ameneyu ndi wanthabwala, amati sikelo yake ndi yokhulupirika kuposa mwamuna wake, koma tsiku limeneli sanaseke. Anati, "Mnzanga, ine si mwana. Rula ija ndaiona, kutsinzina kuja ndakuonanso. Munthu uja ntchito imuthera chifukwa cha diso lako. Ukapanda kunena mwezi uno, ndinena ndine."

Ndinamuyankha kuti ndikanena, wochotsedwa ndikhala ine, nanga ndani angasunge wolemba mndandanda amene saona mizere? Iye anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anandikumbutsanso kuti mwezi wamawa tiyamba mapaketi mazana awiri a nsanja ya wotchi, tizidutswa zikwi zinayi paketi iliyonse, ndipo rula sidzandipulumutsa. Ndinamupsera mtima njira yonse, koma ndi yemweyo amene dzulo anandiperekeza kuchipatala cha maso kukalembetsa. Andipatsa tsiku, kwatsala masabata atatu.

Ndikuopa, sindikubisirani. Ndikaima pa siteji ndimaphimba diso labwinoli kuti ndiyese kuwerenga nambala ya basi ndi linalo, ndipo imakanika. Ndikakwera masitepe a nyumba imene ndimakhala ndimawawerenga, alipo makumi atatu ndi anayi, ngati ndikukonzekera kale. M'mawa ndikadzuka, ndisanasambe n'komwe, ndimayang'ana felemu la chitseko ndi diso lamanja kuti ndione ngati likadali lowongoka. Abambo anali ndi amayi owagwira dzanja. Ine kuno ndili ndi chipinda chimodzi ndi aneba amene sindiwadziwa mayina.

Pempho langa ndi limodzi. Kuchipatala andipatsa fomu yofunsa ngati matendawa alipo kumtundu, ndipo ine ndikudziwa zochepa. Mukhale pansi ndi amayi, muwafunse mochenjera ngati mukungocheza zakale. Abambo anali ndi zaka zingati pamene anayamba kuona zinthu zokhota? Linayamba ndi diso liti? Ndipo panapita nthawi yaitali bwanji kuti linalo litsatire? Funso lomalizali ndi limene landilanda mtendere. Musandinamize pofuna kundilimbitsa mtima, ngati ndi chaka chimodzi munene kuti chaka chimodzi. Mukamva mundiimbire muli panja, musatumize uthenga wa timalemba ting'onoting'ono.

Lolemba ndikalowa mu ofesi ya abwana kukanena kuti wojambula uja alibe mlandu. Ndalemba pano dala kuti ndisabwerere m'mbuyo, popeza inu mudzandifunsa. Chimene akandiyankhe sindikuchidziwa. Mwina andisinthira ku katoni ndi tepi, mwina andionetsa chitseko. Mundipempherere kuti lilime lisakaume.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti ndili bwino ndipo ndanenepa, zinazo ndidzawauza ndekha. Moni kwa amalume, amene lero ndikudziwa kuti khoma lawo linali lowongoka. Moni kwa azakhali ndi asuweni anga onse. Kwa alamu anga ndikuti zikomo potipatsa mwana wamkazi. Mwati wafanana ndi ine pamphumi, ndiye pepani, kanthu kabwino sanatengere. Ndinkati ndidzabwera kudzamuona akayamba kuyenda, koma ndasintha maganizo. Ndikangochoka kuchipatala ndikwera basi, ntchito ikhalepo kapena isakhalepo. Ndikufuna nkhope ya mwanayo ndiione ndekha, ndisadzachite kuuzidwa.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa m'nyumba mwathu