Ndamugulira boti la padamu, mpongozi akuti lisafike ku Beira

Aphungu,

Ndine bambo wachikulire, ndimakhala ku Rimuka kuno ku Kadoma. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho kalatayi akulemba ndi mwana wanga wamkazi, Lena. Ndamuuza kuti alembe momwe ndikunenera, asakonze kanthu, ngakhale pena akupukusa mutu.

Bambo anga anabwera kuno wapansi kuchokera ku Nyasalande kudzalowa mgodi. Ine ndinabadwira m'komboni, ndipo nanenso mphamvu zanga zinathera pansi pa nthaka. Chuma tilibe, koma pabanja pathu pali mwambo umodzi umene sitinauphwanyepo. Mwana akamayamba ntchito yakeyake, chida choyamba chimachokera m'manja mwa bambo ake. Ine anandipatsa nyundo tsiku limene ndinatsika koyamba. Lenayu ndinamupatsa makina osokera, ndipo mpaka lero ndi amene akutidyetsa. Chida cha bambo sakana. Akuluakulu ankati wochikana ntchito simuyanja, ndipo ana anga anakula akumva zimenezo.

Watsala ndi Nowa, chitsirizira. Anayesa zokumba golide ku Muzvezve, anangobwerako ndi chifuwa. Kenaka anatsata anzake ku Beira, ku Mozambique, ndipo kumeneko anakwatira mkazi wakhalidwe, dzina lake Rozina, mwana wa msodzi. Nowa wakhala akulowa m'nyanja yamchere ngati waganyu, m'boti la eni ake. Tsiku lina anandiimbira nati, "Baba, ndatopa kukokera anthu ukonde. Ndikufuna kanga kaboti, ngakhale kakang'ono." Sanandipemphe kanthu, ankangondiuza. Koma ine ndinadziwa kuti udindo wanga wafika.

Ndili ndi mnzanga, Chalo, amene tinkatsika naye limodzi mumgodi. Pano amakhala kumafamu a ku Selous, kupitirira Chegutu. Kuseri kwa nyumba yake kunali boti limene mwini famu wakale ankawedzera padamu. Ndi la chitsulo chopepuka chija, pansi pake n'pathyathyathya ngati tebulo, m'mbali mwake simufika m'mawondo, ndipo injini yake ilipo. Tinaliyesa padamu la pafamupo, silinalowe ndi dontho lomwe. Nditakayikira pang'ono, Chalo anandiseka. Anati, "Iwe mdala, wayamba liti mantha? Ife ndife a ku Nyasa, madzi ali m'magazi. Boti ndi boti. Likayandama pano liyandama kulikonse." Ndinamupatsa malata amene ndinkasungira chipinda chatsopano, tinagwirana chanza.

Tsiku limene lole inalitsitsa pakhomo panga, msewu wonse unatuluka. Anzathu Achishona ankafuula kuti sekuru, kutanthauza agogo, agula sitima. Anzanga a bungwe lathu la maliro anabwera kudzaligwiragwira, abusa anadzalipempherera, anthu n'kuimba nyimbo. Ndinalipaka penti ya buluu ndi manja angawa, ndipo kutsogolo kwake ndinalembetsa dzina la malemu mkazi wanga, mayi ake a Nowa. Sindibisa, Aphungu, ndinayenda modzikweza sabata imeneyo. Munthu amene sanaonepo nyanja yamchere, koma mwana wake akalowamo ndi boti la bambo ake. Ndinapangana ndi dalaivala wina amene amapita ku Beira lole ili yopanda katundu kuti adzalitenge kumapeto kwa mwezi uno.

Lena analijambula pafoni n'kutumiza. Nowa anachedwa kuyankha, ndipo atayankha anangoti, "Zikomo Baba, ndalandira." Mawu ake anali ozizira, koma ndinati mwina ndi kutopa.

Mawa lake anaimba foni Rozina. Chikwatiwireni, mpongozi wangayu sanandiyankhulepo zoposa moni. Anati, "Apongozi, mundikhululukire. Ndikuyankhula nditagwada ngakhale simukundiona. Botilo ndi lokongola, koma ndi la madzi ogona. Kuno madzi amaimirira. Funde loyamba lidzalowera kutsogolo, lachiwiri lidzamaliza. Bambo anga aona chithunzi, akuti iwo sangalikwere ngakhale kunja kutacha bwino bwanji." Ndinamufunsa kuti nanga mwini wake bwanji sakunena yekha. Anati, "Mwana wanu sanena. Wandiuza kuti chida cha bambo sakana, akuti alowa nalo basi. Apongozi, ine ndili ndi pakati. Sindikufuna kulera ndekha."

Mtima unandiwawa, ndinangoti ndamva, n'kubweza foni kwa Lena. Nditamuimbira Nowa anati, "Baba, zonse zili kwa inu." Lena, amene ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha Chishona, anangoti, "Baba, musaite nharo," kutanthauza kuti ndisachite makani. Chalo naye akuti, "Kodi unayamba liti kulamulidwa ndi mpongozi? Asewere akowo ali ndi boti lawo lowola, akufuna amugulitse mnyamatayo. Ndi nkhani ya mari imeneyi, ndalama basi."

Ndatopa, Aphungu. Aliyense akundikokera kwake. Nsima, imene kuno timati sadza, sikundilowa. M'mawa ndikatuluka botilo limakhala lili pompo pansi pa mtengo wa mango, ndipo odutsa amafunsa kuti linyamuka liti. Ndakalamba, mphamvu zoyambiranso ndilibe, ndipo malata aja Chalo anafolera kale khitchini.

Ndiuzeni zoona. Kodi boti la panyanja yamchere limasiyanadi ndi la padamu, kapena akungondipeputsa chifukwa sindinaphunzire? Nanga ndikalisiya, Nowa akhale yekha mwa ana anga woyamba ntchito wopanda chida cha bambo ake? Ndipo anthu amene anaimba nyimbo pakhomo pano ndikawauza chiyani?

W.P., Kadoma

Bambo W.P.,

Ndiyambe ndi chimene sichingadikire: botilo lisakwere lole. Muuzeni dalaivalayo lero lomwe.

Palibe amene akukupeputsani. Ine si msodzi, choncho kalata yanu ndinakaiwerengera anthu amene amalowa m'madzi aakulu, ndipo onse anagwira pakamwa nditafika pa mawu akuti pansi pake n'pathyathyathya. Boti lotere analipangira madzi odekha, kuti munthu aziimirira n'kumaponya mbedza osapendekeka. Padamu ndi labwino kwambiri, simunagule chinthu chachabe. Koma panyanja yamchere funde silidutsa pansi pa boti lotere mwaulemu. Limalimenya ngati mbama, kulidzaza, kapena kulitembenuza. Boti la kumeneko limakhala ndi msana wosongoka pansi woti uzing'amba madzi, mphuno yokwera, ndi m'mbali mwakuya moti munthu atakhala pansi funde silimupeza msanga. Lanulo mwanena nokha kuti m'mbali simufika m'mawondo. Injini yokalamba imene yangodziwa madzi a padamu nayo mchere suchedwa kuidya, ndipo ikazima gombe lisakuoneka, Nowa sangatsike n'kukankha.

A Chalo ndi mnzanu, ndipo ndikhulupirira sanafune kukupusitsani. Koma magazi sadziwa kusambira, bambo. Inu ndi iwo mumadziwa mwala. Munthu wa ku Beira atabwera n'kukuuzani kuti denga la mumgodi ndi denga basi, likagwira pano ligwira paliponse, mukanamutulutsa asanaphe anthu. Nyanja nayo ili ndi eni ake amene amaimva ikamang'ung'udza, ndipo mwamwayi mmodzi mwa iwo ndi asewere anu. Zoti akufuna kugulitsa boti lawo, a Chalo akungoganiza. Ngakhale zitakhala zoona, mwana wawo ndi amene angatsale wamasiye, ndiye sangamukweze mkamwini chinthu chowola.

Rozina musamusungire mkwiyo. Mukudziwa nokha kulemera kwake kuti mpongozi atsutse apongozi aamuna. Anadutsa pamoto umenewo chifukwa mwamuna wake munamulera bwino kwambiri moti sangathe kukuuzani kuti ayi.

Tsono mwambo wanu. Ndi wabwino, ndipo sindikuti muutaye. Koma taganizani chimene bambo anu ankachita pokupatsani nyundo. Anakupatsani chida chimene ankachidziwa, choyenera ntchito imene mumakaigwira. Akanakupatsani khasu kuti mukaswere mwala, sukanakhala mwambo, kukanakhala kukutayani. Mfundo imene yamanga Nowa munaimanga ndinu, ndipo womasula ndinu nokha. Muimbireni, osatumiza Lena. Muuzeni momveka kuti, "Botili sindinakupatse. Ndalibweza ndine, iwe sunakane kanthu." Akufunika kumva mawu amenewo kuchokera pakamwa panu kuti mtima wake ukhale pansi.

Mukatero, pemphani kuyankhula ndi asewere anu, akulu okhaokha. Boti likagulidwe komweko kumene likagwire ntchito, la mtundu umene asodzi a pagombelo amagwiritsa ntchito, kaya ndi lamatabwa kaya la faiba, pulasitiki yolimba ija. Kumeneko kuli amisiri olidziwa ndi zipangizo zake, komanso mupewa mavuto a mapepala pachipata cha dziko. Nowa asagule boti limene wangoliona lili pamchenga. Alowe nalo m'madzi tsiku la mphepo pang'ono, apongozi ake ali momwemo, litanyamula ukonde ndi anthu monga lidzachitire pantchito. Atukule matabwa apansi aone ngati pali powola kapena posweka pobisika ndi penti. Afunse ngati lingayandamebe litadzaza madzi. Injini ikhale ya mtundu umene amakanika a ku Beira amaudziwa, aziitsuka ndi madzi abwino akatuluka, ndipo m'botimo musasowe nkhafi kapena thanga lobwerera nalo injini ikakana. Mapepala a boti ndi chilolezo chophera nsomba zikhale m'dzina lake asanalowe m'madzi. Ngati ndalama sizikukwana boti lotere, apitirize ganyu kaye. Kuchedwa kulibe maliro.

Nanga chida cha bambo? Boti si chida chokhacho cha msodzi. Lanulo lili ndi msika konkuno. Ku Kadoma, ku Chegutu mpaka ku Norton kuli anthu owedza m'madamu amene angalikonde, makamaka pano lili ndi penti yatsopano. Ligulitseni, kapena libwereketseni kwa owedza azikupatsani kangachepe. Zimene mupezepo mugulire Nowa nangula wabwino ndi chingwe chake, ndi majekete oyandamitsa munthu m'madzi, okwanira aliyense wolowa m'botimo. Ngati thupi likulola, kwerani basi ndi Lena mukamupatse m'manja, mukaonenso nyanjayo ndi maso anu. Dzina la mayi ake mukalilembetse pa boti limene lidzasankhidwe.

Za anthu a mumsewu musataye nazo tulo. Auzeni zoona, mutu uli m'mwamba: "Ndafufuza, ili ndi la padamu, mwana wanga ndimupezera zoyenera nyanja." Ena aseka, ndipo a Chalo anyinyirika. Sabata ikatha apeza nkhani ina. Anzanu a bungwe la maliro akudziwa bwino kuposa ine kuti maliro ovuta kwambiri ndi aja amene thupi silinapezeke.

Ndamva kutopa kwanu, bambo, ndipo munthu wotopa amakonda kungosiya zinthu ziyende zokha. Apa ndiye muchenjere. Musakhale chete n'kumayembekeza kuti botilo likafika ku Beira, Nowa akaona yekha kuti siliyenera n'kulisiya pamchenga. Salisiya. Adzalikankhira m'madzi akudziwa bwinobwino chimene chikumudikira, chifukwa choti inu munamupatsa.

Phungu wanu