Nthiti za Nkhosa za Abambo

Lachiwiri, 12 Juni 1979
Chisanu. Chifunga mpaka pakhomo. Abambo akananso phala. Adokotala akuti m'mimbamo palibenso chochita, tizingowapatsa chimene mtima wafuna. Ndiye mtimawo wafuna chiyani? Nthiti za nkhosa! Zaka makumi atatu akuphikira ansembe achizungu kumishoni, Lamulungu lililonse nthiti zokazinga, iwo osalawako. "Zinkabwera zowerenga, n'kupita patebulo zowerenga." Ine Benedicta, ndi digiri yanga ya ku Zomba, ndatumidwa kumsika.

Loweruka, 16 Juni
Pachipata cha msika ayufi, anyamata a chipani aja, akufuna khadi la chipani. Ndaonetsa. Nkhosa yokha ndiyo inalowa yopanda khadi, ndipo taonani zimene zaichitikira. Tsamba ili ndiling'amba.
A Alufeo ogulitsa nyama, ndisanatsegule n'pakamwa pomwe, chikwanje chagwa kale. Kwa iwo nkhosa ilibe khosi, ilibe msana, ndi nyama basi. "Aphunzitsi, zonsezi zimakakumana m'mimba." Ndasankha ya pamwendo, mnofu wokhawokha. Kudziona kuchenjera njira yonse.

Lamulungu, 17 Juni
Ndakazinga. Yatuluka nsapato. Abambo angoiyang'ana. "Mwendo umayenda, mwanawe. Choyenda chimafuna madzi ndi nthawi. Khosinso n'lowiritsa ndi kachewere. Ya pachiwaya ndi ya pamsana, imene chibadwire sinagwirepo ntchito." Ndikuwadziwa ena otero kusukulu kwathu.
Dzanja lawo pabulangeti. Lachepa liti chonchi?

Loweruka, 23 Juni
Ndabwereka sowo kwa a Anselmo akalipentala. Ndalawira, nkhosa isanadulidwe, n'kuima pakati pa a Alufeo ndi nyama yawo. Msika wonse kusiya malonda kudzaona mphunzitsi wamkazi akucheka nthiti ngati matabwa. Mayi wina wa kabichi: "Sukulu ikachuluka imatero." Zikomo mayi, kabichi wanu ngwofota.
Nthiti zinayi. Kukhuthala zala ziwiri, mafuta osachotsa, monga ndinalamulidwira.

Lamulungu, 24 Juni
Akana kudikira pabedi. Ine ndi amayi tawanyamula ndi mpando womwe mpaka kukhitchini. Mawu aja abwerera! "Chiwaya chitenthe kaye! Mchere pomaliza! Isiye igone, iwe, bwanji ukuitembenuzatembenuza ngati wodwala malungo?" Kukalipiridwa sikunandikomerepo chonchi.
Zitapsa, kofiirira pang'ono m'kati, iwo ayamba kudzuka kuti atigawire. Amayi: "A Dominiko, khalani pansi. Lero ansembe ndinu."
Kachidutswa kamodzi. Kutafuna, kutafuna, ife osapuma. Kenaka: "Ndi zimenezi basi? Zaka zonsezi? Mbuzitu imaposa." Aseka mpaka kutsokomola, amayi kuwapukuta pakamwa ndi kansalu. Ine sowo, manyazi a pamsika, chithuza pachala, malipiro ake mbuzi imaposa!
Koma alawa. Alawa ndithu.

Lolemba, 9 Julayi
Ndabwerera kusukulu, duku lakuda kumutu. Fomu 3 yakhala chete tsiku lonse, moti ndaopa.
Dzulo tikutsuka mbale za anamalira otsiriza, amayi aulula. Kachidutswa kaja sikanapite kukhosi. Pakhosipo panali patatseka kale, iwo awiri akudziwa. Anakalavulira m'kansalu, amayi n'kubisa. Akuti abambo anati, "Musamuuze Bene, wavutika. Ine ndimangofuna ndimuphunzitseko kanthu kamodzi kamene a ku Zomba sanamuphunzitse."
Makolo abodza! Akatolika a Misa ya m'mawa uliwonse, kundinamiza ine pamaso! Ndakwiya. Ndakwiya moti cholembera chikundikanika, tsambali lanyowa ndi misozi.