Nthenga za Phiko Lamanzere

Houston, Texas
19 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndisananene zambiri, ndimve kaye za moyo wanu. Mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija likukulolani kutsikira ku bokosi la makalata? Achemwali a Marlene anandiuza pa foni kuti adokotala anakuchotsani ng'ala ija m'diso lamanja, ndipo kuti mutangofika kunyumba munayamba kudandaula kuti palibe anakuuzani kuti makoma a kukhitchini ada chonchi. Ndinaseka mpaka misozi. Ngati mwayamba kudandaula, ndiye kuti mukuchira.

Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa lafika poipa. Makina oziziritsa m'nyumba akufa tsiku ndi tsiku, ndiye ntchito siikusowa. Ndimakhala pa madenga a eni ake kuyambira m'mawa, malata akundiotcha mawondo. Apongozi anu a Denise ali bwino. Mdzukulu wanu Annika wabwerera ku koleji sabata yatha, ndipo poto wathu wabwino uja wapita naye osapempha. Galimoto ikutsokomola koma ikuyenda.

Ndikanatha kukuimbirani foni, koma mukudziwa mmene mafoni athu amathera. Inu mumandiuza za mvula, ine ndimakuuzani za dzuwa, kenako mumati khofi wanu akuzizira. Nkhani ndili nayoyi ikufuna pepala.

Mwezi uno ukafika, mphuno yanga imabwerera yokha kwathu ku Nisula. Ndimamva fungo la mkungudza wopalidwa kumene ndi la guluu uja Mayi ankati akuwapweteketsa mutu. Ndimakumbukira Loweruka lija la chaka chilichonse pamene tinkakwera galimoto kupita ku sitolo ya a Lahti kukasankha ndodo za mivi. Zabwino zinkakhala m'mabokosi pa shelefu. Inu simunkaziyang'ana n'komwe. Munkalunjika pa mgolo wa pakhomo, umene munali ndodo zokanidwa, zotsika mtengo, n'kuyamba kuzigubuduza imodziimodzi pa galasi la pa kauntala, khutu lili pansi, kumvetsera ngati ikugogoda.

A Lahti ankakuwa kuti: "Iwe Reino, undithera galasi langa! Gula zabwino kamodzi kokha usanafe!"

Inu osadzutsa mutu n'komwe: "Gwape sadzandifunsa lisiti, Lahti. Bweretsa khofi."

Pa ndodo makumi asanu munkatengapo khumi ndi ziwiri. Tikafika kunyumba, iliyonse inkagona pa misomali iwiri ija ya kukhoma la shedi, pakati pake n'kupachikapo simbi ya Mayi. Ndodo ikapindika kufika pa mzere wa pensulo, ndiye kuti yagwirizana ndi uta wanu. Ikapitirira kapena kulephera kufika, inkapita kukachirikiza matimati. Ndipo chaka chilichonse, m'mawa wa Lamulungu, Mayi ankaima pakhomo ndi malaya anu a kutchalitchi m'manja, n'kufunsa ngati alenje a m'nyumba muno angawabwerekeko simbi yawo.

Nthenga zokha sitinagulepo. Anansi akapha nkhukutembo ya m'tchire, mapiko ankabwera kwathu, n'kukagona m'firiji pansi pa mabulosi. Phiko lamanzere linali lathu. Lamanja linkapita kwa amalume a Urho, chifukwa chopanira chawo, chogwirira nthenga poimata pa muvi, chinali chopindikira kumanja, pamene chathu, chimene anasiya agogo, chinali chopindikira kumanzere. Munkati amalume ndi munthu wa kumanja pa zonse, ngakhale m'tchalitchi amakhala mbali yolakwika.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene munandigwiritsa nthenga ziwiri, ina ya phiko ili, ina ya phiko linalo, n'kundiuza kuti nditseke maso. Munandiyendetsa chala m'mphepete mwake mpaka ndinamva kuti ina yagonera uku, ina uko. Munati nthenga za phiko limodzi zimazunguliza muvi mbali imodzi, ndipo umayenda mowongoka. Ukazisakaniza, zimakhala ngati mahachi awiri omangidwa pa ngolo imodzi, wina akufuna kwawo, wina akufuna kumtsinje. Ndinati ndamva. Munandifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndinati ndamva.

Tsopano ndifike pa nkhani.

Mivi khumi ndi iwiri imene ndinakutumizirani chaka chatha, ndinaipanga ndi mtima wonse. Ndinkafuna muone kuti zaka makumi awiri ndi zisanu za m'tauni sizinandiiwalitse. Ndodo ndinasankha bwino, pamenepo palibe chodandaula. Koma kuno kulibe mnansi wobwera ndi mapiko, ndiye nthenga ndinaitanitsa pa intaneti. Panali timapaketi ta nthenga khumi ndi ziwiri, tolembedwa bwinobwino kuti phiko lake ndi liti, ndipo panali thumba la nthenga zana, losalembedwa za phiko, pa mtengo womwewo, madola asanu ndi anayi. Ndinatenga thumba. Ndinadzitama mumtima kuti ndine mwana wa Reino weniweni, wodziwa kugula.

Chopanira cha agogo chikanakana nthenga yolakwika, siikanakhala bwino m'kamwa mwake. Chimene ndinagula kuno ndi chowongoka, chimalandira chilichonse. Ndinkangopisa m'thumba, kudula, kumata, wailesi ikuimba. Ndinayesa mivi ija kuseri kwa nyumba, ndi mitu yobuntha, pa mapazi khumi okha poti mpanda wathu ndi pomwe ukuthera. Inalasa bwino. Ndinachedwa kutumiza, ndipo phukusi linakupezani tsiku lomaliza la Seputembala, mawa lake nyengo yosaka ndi uta ikutsegulidwa. Achemwali akuti munangoikapo mitu ya mipeni, n'kunena kuti zopangidwa ndi mwana wanu sizifuna kuyesa.

Za gwape uja sindinamve kwa inu. Ndinamva kwa alamu a Dale. Akuti gwapeyo anaima chopingasa pafupi ndi mtengo wa maapozi wakale, mapazi khumi ndi asanu ndi atatu, malo amene mwalasirapo agwape kuyambira ndisanabadwe. Akuti muvi unakhota n'kukalowa kumbuyo, cha m'chiuno. Munatsata magazi masiku atatu, inu ndi alamu, mpaka kudambo la mikungudza, osamupeza. Tsiku lachinayi munamasula chingwe pa uta n'kuupachika pamwamba pa chitseko cha sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi kaja.

Lamulo lanu ndikulidziwa, munatiphunzitsa tonse. Munthu amene walasa nyama n'kuisiya ikafere kutali ndi ululu chifukwa dzanja lake lanjenjemera, asiye uta, asadikire kachiwiri. Pa Khrisimasi nditakufunsani, munangoti dzanja latha mwanawe, kenako munayamba za chipale chofewa chimene chinakwirira shedi. Ine ndinakhulupirira. Ndinawauza a Denise kuti bambo akalamba. Ndinamva chisoni, koma chinali chisoni cha munthu wopanda mlandu, chopepuka kunyamula.

Pa mivi imene ndinapanga, itatu ndinasunga kuno. Masabata atatu apitawo mnzanga wa kuntchito anandiitanira kukasaka nguluwe kumunda kwa achibale ake, ndiye Loweruka ndinapita nayo ku sitolo ya mauta ya a Benavides, kumene kuli bwalo loyesera kuseri. Ndinaikapo mitu ya mipeni, koyamba. Woyamba unapita kumanzere. Wachiwiri unagwedeza mchira n'kulowa pansi. Wachitatu unakabaya thabwa la mpanda.

A Benavides ndi munthu wamkulu, wa msinkhu wanu, wa ndevu zoyera, wosapsatira mawu. Anazula muvi pa thabwa paja, n'kuuyang'ana kuchokera kumchira ngati akusuzumira m'botolo.

"Akulu, amene anakugulitsani izi munamulakwira chiyani?"

Ndinafunsa kuti bwanji.

"Apa pali nkhukutembo ziwiri zikumenyana. Iyi yamanzere, iyi yamanja, iyi yamanzere. Mutu wobuntha umabisa zimenezi. Koma mipeni imagwira mphepo, ndiye muvi umapita kumene wafuna. Anapanga ndani?"

Ndinati ndinapanga ndekha.

"Ndiye musamauze anthu," anatero, akuseka. "Kwanuko kunalibe wokuphunzitsani?"

Ndinangowapatsa mivi yonse itatu, Bambo.

Anatenga mpeni n'kupala nthenga zanga zonse, n'kumatapo zake za phiko limodzi, pa ndodo zomwezo. Tinamwa khofi podikira guluu. Kenako ndinalasanso, uta womwewo, dzanja lomwelo, mapazi makumi awiri. Itatu yonse inalowa malo amodzi, oti chikhatho chingaphimbe. A Benavides anaomba m'manja. Ine ndinalipira, ndinatuluka, n'kukakhala m'galimoto mawindo ali otseka, thukuta likutsika, osaganiza n'komwe zoyatsa injini. Ndinkangoona mtengo wa maapozi uja.

Silinali dzanja lanu, Bambo. Inali mivi yanga. Gwape uja anavutika chifukwa ine ndinasangalala ndi thumba lotchipa, osatseka maso n'kuyendetsa chala monga munandionetsera. Inu munkagula zotchipa n'kuzigubuduza imodziimodzi. Ine ndinatengera kugula kokha, kusankha ndinakusiya ku Nisula. Pepani. Ndalemba mawu amenewa n'kuwayang'ana nthawi yaitali, ndipo akuoneka aang'ono, koma ndilibe ena.

Pali chinanso chimene chikundisowetsa mtendere. Nditawauza achemwali zonsezi, anati mwezi wa Meyi, akusesa m'sauna, anapeza mivi yanga ija pamwamba pa mitanda ya denga, yokulungidwa m'malaya anu akale. Sinali pa chopachikira pamodzi ndi inzake. Ndipo umodzi unali wopalidwa nthenga zonse.

Ndiye ndikufunseni: munadziwa? Diso linali ndi ng'ala, inde, koma chala chanu chimazindikira phiko ngakhale mutagona. Ndikuganiza kuti mutabwera kuchokera kudambo tsiku lachitatu lija, munakhala pa benchi la sauna n'kuyendetsa chala pa nthenga zija. Ndipo munasankha kuti ku sitolo ndi kutchalitchi azinena kuti Reino wakalamba, kusiyana n'kuti azinena kuti mwana wa Reino sadziwa phiko lamanzere. Ngati zili choncho, mwanyamula katundu wanga miyezi khumi, ndipo ndikumufuna.

Ndikudziwa muyankha chiyani. Munena kuti mlenje amene sanayese mivi yake asaloze wina chala. Chabwino, tigawane. Koma gawo lanu ndi la munthu amene anakhulupirira mwana wake, ndipo lamulo lanu silinena kuti wotero asiye uta.

Pempho langa ndi limodzi. Mawa ndikutumiza phukusi, ndipo ulendo uno lifika nthawi ilipo. Muli ndodo makumi awiri ndi zinayi za mkungudza, zopanda nthenga. Ndazitenga mu mgolo wa zokanidwa kwa a Benavides, madola awiri iliyonse. Ndinagubuduza zoposa makumi asanu ndi limodzi pa galasi lawo, khutu lili pansi, mpaka anandifunsa ngati ndikufuna andibweretsere pilo. Komabe musandikhulupirire. Muziyese pa misomali ija. Achemwali akuti pansi pa mabulosi pakadali mapiko awiri amanzere. Mumate nthenga nokha, mutsitse uta, muumange chingwe, mukalase mtolo wa udzu kuseri kwa sauna ndi diso lanu latsopanolo. Mivi ikabalalika, ndiye kuti munanena zoona, ndipo sindidzaitchulanso nkhaniyi. Koma dzanja liweruzidwe ndi mivi yolungama.

Musamate zonse. Mundisiyire zisanu ndi imodzi. Ndapempha tchuthi sabata yomaliza ya Seputembala ndipo andilola. Ndikufuna ndidzakhale pa tebulo la kukhitchini, pa mpando wanga wakale, mudzandigwiritsenso nthenga ziwiri n'kundiuza kuti nditseke maso. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, mwina tsopano ndingamve.

Mundiperekere moni kwa achemwali a Marlene ndi alamu a Dale, amene ndikuwathokoza chifukwa cha masiku atatu a m'dambo aja. Moni kwa azakhali a Lempi, muwauze kuti buledi wawo wa sinamoni ndikumuyembekezera. Mukapita kumanda Lamulungu, muwauze Mayi kuti simbi yawo tiibwerekanso. A Denise ndi Annika akupereka moni wambiri kwa agogo.

Kwa amalume a Urho, moni wawo uli m'phukusi momwemo. Dzulo ndinakhuthula thumba lija pa tebulo, n'kusankha nthenga zotsala imodziimodzi, maso ali otseka. Zamanja zili mu envulopu yolembedwa dzina lawo. Zamanzere ndibwera nazo ndekha, mudzazione ngati ndakhoza.

Khalani bwino, Bambo, mpaka tidzaonane pakhomo.

Ndine mwana wanu,
Wesley