Chipinda Changa Achisandutsa Dambwe

Kabwata, Lusaka
Okutobala, 1978

Okondedwa alongo anga a Gilson,

Landirani moni wanga. Muli bwanji kumudziko? Nanga chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ine m'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo.

Kuno sopo ndi mafuta ophikira tikufolerabe, ukafika kutsogolo n'kukuuza kuti zatha. Koma chandilembetsa n'china.

Munamva kuti ndinasiya kuvina. Tsopano ndine woyang'anira gulu lathu lonse: kukonza magule, kufuna lole, kusunga ng'oma ndi zovala. Pamene ndinkadula chiuno kutsogolo kwa chimtali, aliyense anali mnzanga. Lero ndikati tiyambe, amuna amangoyang'ana kudenga. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye ndikuzilandiradi.

Chaka chino akuluakulu a Chipani akufuna gule wamkulu pa chikondwerero cha ufulu. A Petros, mkulu wa oimba ng'oma amene ankaufuna mpando wangawu, anabweretsa anzawo olowa gule n'kuika zilombo zawo m'chipinda chathu chosungira katundu. Kutacha anandiuza kuti chipindacho tsopano ndi dambwe, mkazi asapondemo. Kiyi ndili nayo ine, koma ng'oma za chimtali, nsalu za atsikana ndi mikanda zatsekeredwa momwemo. Ndikawapempha kuti atulutse amangoti mawa, uku akumwetulira. Atsikana anga akuyeserera gule ndi ndowa yotungira madzi!

Ndinakadandaula kwa abwana athu ku Longacres. Iwo si a kwathu, choncho anangoseka, akuti chitseko ndi chitseko, nditsegule ndilowe. Anati abwera kudzaona magule onse chikondwerero chisanafike, ndipo ngati ntchito yandikulira, a Petros alipo.

Ndinapitadi pachitsekopo, kiyi ili m'manja. Alongo, dzanja linakana. Ndine mwana wa ku Chadiza ine. Nditalowa, atsikana a kwathu angandithawe, ndipo mbiri ingafike kumudzi ine ndisanakwere basi. Chikundiwawa kwambiri n'chakuti a Petros akudziwa zonsezi. Si ulemu wa mwambo ayi, akungofuna kuti ndigwe.

Pempho langa ndi limodzi. Inu munalowa gule musanabatizidwe, palibe angakutsekereni njira. Bwerani mudzanditulutsire katunduyo. Ndikudziwa kuti tsopano ndinu mkulu wa mpingo, ndipo abusa akamva kuti mwaponda padambwe akhoza kukuimitsani pa mgonero. Sindikuchepetsa zimenezo, ndalimbana nazo mumtima ndisanagwire cholembera. Koma mu Lusaka monse muno mulibe mwamuna wolowa gule amene angadane ndi a Petros chifukwa cha ine. Mukakana ndidzamvetsa. Chokhacho musandiyankhe kuti mukundipempherera, nenani mosabisa kuti simubwera, ndikapereke kiyi ndekha asanandilande pamaso pa atsikana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Beatrice, kwa amalume, kwa azakhali ndi ana onse. Amayi za dambwezi musawauze. Akafunsa za ntchito yanga, muwauze zoona zokhazokha, kuti mwana wawo ndi bwana wamkulu ku Lusaka, kungoti amalamulira ali panja.

Ndine mlongo wanu wodikira yankho,
Febby